Ophunzira dizaini ayambe kaye amvetsa stroke ndi fill

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi ndilankhule ndi achinyamata amene ayamba kuphunzira kujambula pa kompyuta, makamaka aja akugwiritsa ntchito mapulogalamu a vector, ojambula ndi mizere ya masamu osati timadontho ta chithunzi, ngati Inkscape, CorelDRAW ndi Adobe Illustrator. Ine ndakhala pa ntchito ya dizaini kwa zaka ndithu, ndipo miyezi yapitayi ndakhala ndikuphunzitsa mphwanga, nde zimene ndikuona kwa iyeyu ndi anzake zikungondikumbutsa mmene ineyo ndinapunthwira. Aliyense akufuna tsiku loyamba lomwelo atulutse logo yonyezimira ya ma gradient, mitundu yosungunukirana ija, ndi mithunzi, koma ukamufunsa kuti kodi stroke ndi fill zimasiyana pati amangoti aaa si mitundu basi. Ayi ndithu, si mitundu basi.

Chimene ambiri sanauzidwe n'chakuti mu vector chinthu chimene umajambula kwenikweni sichioneka. Ndi kanjira chabe, path, timadontho tolumikizidwa ndi masamu, masamu ake aja anatchuka ndi dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya Renault ku France amene ankawagwiritsa ntchito pokonza maonekedwe a magalimoto m'zaka za m'ma 1960. Kanjirako kalibe mtundu, kalibe kunenepa. Fill ndi utoto umene umathira mkati mwake, stroke ndi mzere umene umayenda pamwamba pa kanjirako kukatsatira kulikonse kapita. Kanjira ndiye thupi, ziwirizi ndi zovala, ukhoza kuvula zonse pa sikirini n'kukhala mbee koma chinthucho chilipobe, chikungodikira tsiku lokuchititsa manyazi.

Ine tsiku langa linakwana ndili watsopano. Munthu wina anafuna sitika ya mawu akuluakulu yomata pa galasi, ine n'kutenga pen tool kulemba zilembo zija ndi mzere umodzi umodzi, kenako ndinanenepetsa stroke mpaka mamilimita 8, pa sikirini zikuoneka bwino zedi moti ndinadzitama. Ndinapereka fayilo kwa bambo wina amene anali ndi makina odulira vinyl, pepala la pulasitiki lopangira masitika. Atamaliza anangotenga pepala lija kuliloza ku kuwala osalankhula kanthu, ine kuyang'ana ndikuona timing'alu towonda ngati tsitsi tikudutsa pakati pa malo amene panayenera kukhala chilembo chilichonse, choti n'kumatula kukamata panalibe. Anandifunsa mofatsa kuti, "Achimwene, mpeni wa makinawa mukuganiza kuti umaona mtundu?" Mpeni umatsata kanjira basi, kunenepa kwa stroke suudziwa. Chimene ndinayenera kuchita n'kusandutsa stroke ija kukhala chinthu chokhala ndi m'mphepete mwakemwake, mu Inkscape amati Stroke to Path ndipo pa kiyibodi ndi Ctrl+Alt+C, mu Illustrator ndi Outline Stroke, mu CorelDRAW amene stroke amaitcha outline ndi Convert Outline to Object, Ctrl+Shift+Q. Kudina kamodzi kokha. Vinyl yoonongekayo ndinalipira ndine. Koma musanatero sungani kaye kope ina ya fayilo, chifukwa mukasandutsa simungathenso kungolemba nambala kuti mzere uwonde kapena unenepe.

China chimene mphwanga anakana mpaka ndinachita kumuonetsa ndi rula ya pa sikirini n'chakuti stroke imakhala pakatikati pa kanjira, theka mkati theka kunja. Jambulani bokosi la mamilimita 100, muike stroke ya mamilimita 4, chimene chituluke pa pepala ndi 104 chifukwa mbali iliyonse yawonjezera 2. Nde Inkscape mukangoiika kumene, nambala imene imakuonetsani pamwamba paja imawerengera ndi stroke yomwe, kutanthauza kuti mukalemba 100 kanjira kenikeni kakhala 96, ndipo munthu wa makina odulira akadzayeza adzati mwamunamiza. Zimasinthika mu Preferences, mumasankha geometric bounding box m'malo mwa visual. Illustrator imalola kukankhira stroke yonse mkati kapena kunja, koma pa kanjira kotseka kokha.

Pa nkhani yochepetsa ndi kukulitsa ndi pamene ambiri amalira. Paja timauzidwa kuti vector siiphwanyika ngakhale uikulitse bwanji, zoona, koma palibe amene amanena kuti stroke ikhoza kukana kuchepa limodzi ndi chinthucho. Wapanga logo yaikulu yodzadza tsamba, stroke ya 3 pt, pafupifupi milimita imodzi poti pt imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 72 a inchi, nde waichepetsa kuti ikwane pa kakhadi, mzere uja wakhala chimodzimodzi, timabowo ta zilembo a ndi e tatsekeka, logo yonse yasanduka chidontho chakuda. Mu Illustrator pali kabokosi kolembedwa Scale Strokes & Effects kamene kamachititsa stroke kuchepa ndi kukula limodzi ndi chinthucho, mu Inkscape ndi kabatani kakang'ono kumapeto kwa mzere wa zida pamwamba mukagwira chida chosankhira. Kudziwa kuti kayaka kapena kazima musanakoke ngodya kumapulumutsa maola.

Fill nayo ili ndi misampha yake ngakhale imaoneka yofatsa. Woyamba, kuyera si kusowa kwa utoto. Pa tsamba loyera chinthu cha fill yoyera ndi chinthu chopanda fill zimaoneka zofanana ndendende, ndiye wophunzira akafuna kuboola bowo pakati pa logo amangoikapo bwalo loyera pamwamba n'kumati zatheka. Tsiku loti logo ija iikidwe pa nsalu yofiira kapena pa chithunzi, bwalo loyera lija limatulukira poyera ngati chigamba. Bowo lenileni limabooledwa ndi Difference mu Inkscape kapena Minus Front mu Illustrator. Wachiwiri, kanjira kosatseka nakonso kamalandira fill mu Inkscape ndi Illustrator, pulogalamu imangoyerekeza mzere woongoka kuchoka pothera kubwerera poyambira n'kuthira utoto, n'chifukwa chake wophunzira akajambula kamzere kokhotakhota amadabwa kuona chibanthu chakuda chimene sanachiitane. Wachitatu ndimaukonda poti umasangalatsa kuonetsa anthu, jambulani nyenyezi ya nsonga 5 ndi mzere umodzi wodutsanadutsana, musinthe lamulo la fill kuchoka pa nonzero kupita pa even-odd, pakati pa nyenyezi pamaboka pomwepo inu musanafufute kalikonse.

Za ngodya za stroke sindichulutsa. Zilipo zitatu, miter yosongoka, round yozungulira, bevel yodulidwa, ndipo mukaona minga yaitali ikutuluka pa A, M ndi W mutaika stroke yonenepa pa zilembo dziwani kuti ndi miter, tsitsani miter limit kapena sankhani round. Komanso pulogalamu imapaka fill kaye kenako stroke pamwamba, ndiye theka lamkati lija limadya chilembo n'kuchiondetsa, mankhwala ake ndi Behind fill mu CorelDRAW kapena Order mu Stroke style ya Inkscape kuti mzere upite kumbuyo.

Tsono dandaulo langa lenileni, Akonzi, lili kwa ife ophunzitsa, kuphatikizapo ine ndemwe poti nanenso ndinayamba kumuonetsa mphwanga zokongola ndisanamuonetse zofunika. Timathamangira kusangalatsa wophunzira, mavidiyo a pa YouTube nawonso ambiri ndi a dinani apa dinani apo mpaka chinthu chituluke, munthu amamaliza ali ndi chithunzi chokongola koma osadziwa chimene chachitika. Mapulogalamuwa si achilendo ayi, Illustrator inatuluka mu 1987, CorelDRAW mu 1989, Inkscape mu 2003 ndipo iyi ndi yaulere aliyense akhoza kuitsitsa pa intaneti, mabatani asuntha kangapo konse koma nkhani ya kanjira, utoto wamkati ndi mzere wa m'mphepete sinasinthe. Amene waimvetsa pa pulogalamu imodzi savutika akasamukira pa ina, amangofunsa kuti kuno mumazitcha chani.

Ine panopa ndinasintha kaphunzitsidwe. Sabata yoyamba mphwanga ndinamuletsa mitundu yonse kupatula wakuda ndi woyera, gradient ayi, mthunzi ayi. Ndinamuuza atsegule bokosi la Fill and Stroke la mu Inkscape ndi Shift+Ctrl+F lizikhala chotsegula tsiku lonse, aloweze kuti kudina mtundu pansi paja kumapaka fill pomwe kudina utagwira Shift kumapaka stroke, ndipo chilichonse chimene wajambula asanandionetse ayambe wachiona mu Outline, muja zovala zonse zimavulidwa n'kutsala timizere tokha, mu Illustrator ndi Ctrl+Y. Anadandaula kuti ndikumuchedwetsa, anzake akuti afika kale pa ma poster. Koma tsiku lina anatsegula fayilo imene mnzake anamutumizira, anaiika mu Outline n'kundiitana akuseka, mkati munali mabokosi oyera okwana 11 obisa zolakwika ndi timadontho tosochera topanda fill topanda stroke tili mbwee kunja kwa tsamba. Anakhala madzulo onse akuyeretsa fayilo ya mwini wake popanda womutuma.

Pempho langa nlakuti ngati mungakhale ndi kadanga pa tsamba la achinyamata kapena la zaukadaulo, muziikako timaphunziro tating'ono ta zinthu zoyambirira ngati izi m'Chichewa, ngakhale kamodzi pa mwezi, ndi zithunzi ziwiri zoonetsa chinthu chimodzi chili ndi zovala ndiponso chili mu Outline. Zithunzizo ine ndikhoza kujambula ngati mungazifune, ndipo ulendo uno stroke ndidzaisandutsa ndisanatumize.

Ndine wanu,
Wowerenga wa masiku onse