Tiuzeni amene akupatsidwa makontilakiti

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Bangula, m'boma la Nsanje. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, a boma anatiuza kuti tipirire. Tapiriradi. Mayi wogulitsa nsomba zouma pamsika pano tsopano amadula sopo pakati ndi mpeni kuti afike kumapeto kwa mwezi, ndipo mlimi wa thonje akagulitsa, ndalama yake sikwanira kugulira mankhwala opopera a chaka chamawa.

Chondiwawa n'chakuti ena sakupirira nafe. Mu 2022, K750 miliyoni yogulira fetereza inaperekedwa ku kampani ya ku UK yogulitsa nyama. Anavomereza ndani? Doko la Nsanje linatsegulidwa mu 2010 ndi ng'oma ndi nthungululu, koma mpaka lero sitima sizikocheza.

Namondwe Freddy atatikokolola mu Marichi 2023, ntchito yokonza misewu ndi milatho inachuluka. Boma lisindikize mayina a eni makampani amene anapatsidwa ntchitozo ndi ndalama zimene analandira, tione ngati si abale ndi anzawo a akuluakulu. Aphungu athu a ku Chikwawa ndi Nsanje, kafunseni zimenezi ku Nyumba ya Malamulo, tinakutumani ndife.

Mlimi wokhudzidwa,
Bangula