Tiuzeni munthu akatuluka pa belo

A Mkonzi,

Kuno ku Lizulu m'boma la Ntcheu mbava zatisowetsa mtendere. Zikuba mbuzi, njinga, ngakhale kukumba kachewere m'munda usiku. Chondipweteka n'chakuti amene tam'gwira lero, mkuja tikumana naye pamsika popanda wotiuza kanthu. Anthu amangoti "ndalama zayenda", ena n'kuyamba kukamba zomuotcha. Mulungu atipewetse zimenezo!

Ambiri sadziwa kuti malamulo amafuna womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, komanso kuti belo sikuthetsa mlandu ayi, mlandu umakhala ulipobe. Ndikupempha kuti munthu akatuluka pa belo, kapena akalamulidwa kugwira ntchito yachilango m'dera, amfumu ndi apolisi a m'mudzi azidziwitsidwa msanga, iwo n'kutifotokozera pamsonkhano kapena pa WhatsApp. Ife amene timalondera usiku ndi zibonga zokha tizidziwa woyenera kumuyang'anira.

Mlimi wodandaula,
Lizulu, Ntcheu