Malaita achinyengo aziunikidwa asanafike pamsika

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za malaita otchipa amene adzaza m'misika ya chigawo chathu cha Tete kuno ku Mozambique, kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Moatize. Mwezi watha mlongo wanga anagula laita pabenchi ina pamsika kuti aziyatsira mbaula. Patangopita masiku atatu, atayatsa n'kuchotsapo chala, moto sunazime koma unapitiriza kulilima mpaka pulasitiki kuyamba kusungunuka, ndipo iye mwamantha anaiponya pafupi ndi mkeka pamene mwana wake amakwawa. Mwanayo anapulumuka, koma chala cha mayi ake chidakali ndi bala.

Ambiri timaiona laita ngati kachinthu kachabechabe, pamene ndi kabotolo ka gasi wopanikizidwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40, komabe malaitawa amayalidwa pachiguduli padzuwa tsiku lonse, enanso amasiyidwa kutsogolo kwa galimoto. Muyezo wapadziko lonse wa ISO 9994 umafuna kuti laita ipirire kutentha kwa madigiri 65 kwa maola anayi osatulutsa gasi, isasweke ikagwa pansi, ndiponso izime msanga chala chikangochoka. Opanga zachinyengo amangobera dzina la kampani yodziwika, koma za kuyesaku alibe nazo ntchito. Ku Ulaya analamula mu 2006 kuti malaita otchipa akhale ovuta kuyatsa kwa ana aang'ono, naletsa opangidwa ngati zidole. Kodi ana athu ndi osiyana ndi awo?

Lamulo loteteza ogula, la nambala 22/2009, tili nalo kale. Pempho langa kwa a bungwe la boma loyendera malonda, a bungwe loona za miyezo ya katundu la INNOQ ndi a kasitomu n'lakuti makatoni a malaita azitsegulidwa ndi kuyesedwa pa doko la Beira komanso pa zipata za Zóbuè, Calómuè ndi Cuchamano, ndipo woitanitsa katunduyo azionetsa chikalata chotsimikizira kuti anayesedwa. Ndikuchonderera kuti asathamangire kulanda katundu wa mnyamata wogulitsa pabenchi, amene sadziwa n'komwe kusiyanitsa yabwino ndi yoipa; iye amangopikula zimene wapeza m'sitolo zazikulu. Oyendera ayambe ndi sitolo zimenezo, mwezi wa Okutobala usanafike.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Ulongwe, Angónia