Dzina la kampani yophunzitsa kompyuta lisamangidwe pa pulogalamu ya eni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi achinyamata athu a kuno ku Harare, makamaka a ku Highfield, Mufakose, Mbare ndi Dzivarasekwa, amene ayamba kutsegula timakampani tophunzitsa anthu mapulogalamu a mu ofesi. Ntchitoyi ndi yotamandika, pakuti masiku ano palibe bwana amene angalembe mlembi wosadziwa kutaipa kalata pa kompyuta kapena kuwerengera malipiro a antchito pa Excel. Chimene chandidetsa nkhawa ndi mayina amene ana athuwa akupatsa makampani awo, chifukwa ambiri akusankha dzina mothamanga, kenaka n'kulipira wolemba zikwangwani asanafunse aliyense wodziwa malamulo.

Chizolowezi chimene chafala ndi chotenga dzina la pulogalamu n'kuliphatikiza pa dzina la kampani, poganiza kuti wodutsa pamsewu adziwe msanga zimene zikuphunzitsidwa. Cholingacho ndi chomveka, koma Word, Excel ndi PowerPoint ndi mayina a malonda a Microsoft, otetezedwa ndi lamulo. Kulemba pansi pa chikwangwani kuti timaphunzitsa Word ndi Excel ndi kungofotokoza ntchito, pamene kulowetsa mayinawo m'dzina la kampani kumachititsa kholo kuganiza kuti sukuluyo idatumidwa ndi eni pulogalamuwo, zomwe si zoona.

Chachikulu kuposa pamenepa ndi chakuti mapulogalamu amakalamba msanga kuposa makampani. Ife amene tidagwira ntchito za ulembi m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira kuti wopempha ntchito ankafunsidwa ngati amadziwa WordPerfect ndi Lotus 1-2-3, ndipo wodziwa ziwirizi ankayenda monyadira ndithu. Lero mwana womaliza sukulu sadziwa n'komwe kuti mayinawa adaliko. Microsoft yeniyeniyo idasintha dzina la Office 365 pa mapulani ake ambiri n'kukhala Microsoft 365 m'chaka cha 2020. Pakali pano maofesi ena akugwiritsa ntchito LibreOffice chifukwa ndi yaulere, ena alowa pa Google Docs, ndipo wosunga mabuku a ndalama amafunsidwanso za Pastel. Kampani imene dzina lake lamangidwa pa pulogalamu imodzi ili ngati nyumba yomangidwa pa malo a eni: tsiku limene mwiniwake wasintha maganizo, womangayo ayenera kugumula. Kusintha dzina kumatanthauza mapepala atsopano ku kaundula wa makampani, ku bungwe lotolera misonkho la ZIMRA ndi ku banki, chidindo chatsopano, komanso ophunzira akale otsala ndi masatifiketi a sukulu imene bwana akaifufuza saipezanso. Ophunzira amenewa ndiwo amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ndalama zawo adalipira mokhulupirika.

Palinso mayina odzikweza. Munthu amakwera masitepe opapatiza kuseri kwa sitolo ku Machipisa, n'kupeza chipinda chimodzi chokhala ndi makompyuta ochepa pa matebulo awiri, batire ya sola pakona, koma pakhomo palembedwa mawu akuti International College ndi zilembo zazikulu. Chipindacho sichochititsa manyazi ayi, ndipo mphunzitsi wake akhoza kukhala waluso kwambiri. Vuto ndi lakuti mayi wogulitsa masamba ku Mbare Musika akaona mawu amenewo amakhulupirira kuti satifiketi ya mwana wake idzakhala yovomerezeka ngati ya mayeso a HEXCO, bungwe la boma loyesa ophunzira ntchito zaluso, kapena ya ICDL, satifiketi ya luso la kompyuta yodziwika m'mayiko ambiri, imene kuno imayendetsedwa ndi Computer Society of Zimbabwe. Ngati sukuluyo sidalembetsedwe ku unduna woona za maphunziro apamwamba, dzinalo likulonjeza zimene mwiniwake sangapereke.

Lamulo la makampani la 2019, lotchedwa Companies and Other Business Entities Act, limafuna kuti dzina lifufuzidwe kaye kampani isanalembetsedwe, ndipo a kaundula amakana dzina lofanana kwambiri ndi la kampani ina kapena losocheretsa anthu. N'chifukwa chake ndi bwino kukonzeratu mayina angapo, osati kupita ndi limodzi lokha litalembedwa kale pa chikwangwani. Ambiri sadziwanso kuti kulembetsa kampani ndi kuteteza chizindikiro cha malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chizindikiro chimalembetsedwa padera, ndipo tili ndi mwayi chifukwa likulu la ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa zizindikiro zotere, lili konkuno ku Belgravia. Kudzera m'pangano la Banjul la 1993, limene Zimbabwe ndi Malawi onse ali mamembala ake, munthu akhoza kupempha chitetezo m'mayiko awiriwa ndi pempho limodzi, zomwe zingathandize wolingalira zodzatsegula nthambi ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Pa nkhani ya chilankhulo, sindikuona chifukwa chothawira Chichewa. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 adachiika m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo dzina lalifupi la Chichewa lonena za luso kapena kuphunzira silitha ntchito pulogalamu ikasintha. Chofunika ndi chakuti anansi athu olankhula Chishona ndi Chindebele athe kulitchula mosavuta, popeza ambiri mwa ophunzira adzakhala iwowo. Dzina la bizinesi yotereyi limafala pakamwa komanso pa WhatsApp, choncho mwini wake aliyese polinena pa foni kwa munthu wachikulire, namupempha kuti alilembe papepala. Ngati walilemba molakwika, ndiye kuti wofunafuna sukuluyo pa Facebook sadzaipezanso. Aonenso ngati dzinalo lilipo pa ma adiresi a intaneti othera ndi .co.zw, ndiponso aonetsetse kuti kholo likamalipira pa EcoCash, uthenga wobwera pa foni ukuonetsa dzina lomwelo lili pakhomo, chifukwa kholo loona dzina lachilendo limayamba kukayika ngati ndalama yafika koyenera.

Ndikupempha atsogoleri a achinyamata m'mipingo yathu, monga ya CCAP Sinodi ya Harare, komanso m'mizikiti ndi m'mabungwe a maliro, kuti aziitana munthu wodziwa za kulembetsa makampani kudzalankhula ndi achinyamatawa asanawononge ndalama pa zikwangwani ndi zidindo. Inunso a Mkonzi, zingathandize mutapereka danga m'nyuzipepala yanu kwa katswiri wa malamulo kuti afotokoze ndondomekoyi m'Chichewa.

Ine wanu,
Mlembi wopuma ntchito,
Highfield, Harare