A Siim Kallas si bambo ake a Kaja chabe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za a Siim Kallas a ku Estonia. Masiku ano dzina lawo limangotchulidwa modutsa, nkhani ikakhala ya mwana wawo, mayi Kaja Kallas, amene anali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 2021 mpaka 2024. Olemba amangoti bambo awonso anakhalapo pa mpando womwewo, basi. N'zoona, anakhalapo, koma kuyambira Januwale 2002 mpaka Epulo 2003 chabe. Ntchito imene ayenera kukumbukiridwa nayo anali ataigwira kale zaka khumi m'mbuyomo.

Mu 1991, chaka chimene Estonia inadzichotsa mu Soviet Union, a Kallas anakhala mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo. Anthu ankagwiritsabe ntchito ndalama ya ruble, imene inkatha mphamvu tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale mapepala ake enieniwo ankasowa moti malipiro ankachedwa. Pa 20 Juni 1992 anatulutsa ndalama yawoyawo, kroon. Munthu aliyense analoledwa kusintha ma ruble 1,500 n'kulandira ma kroon 150. Mtengo unaikidwa kuti ma kroon 8 azifanana ndi mark imodzi ya ku Germany.

Chimene chimandichititsa chidwi ine si kusindikiza ndalama yatsopano, pakuti dziko lililonse lingathe kutero. Ndi lamulo limene linatsagana nayo. Banki sinkaloledwa kutulutsa kroon popanda golide kapena ndalama zakunja zoiimirira, komanso sinkaloledwa kubwereketsa boma. Golide amene dzikolo linasungitsa kunja nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe anabwezedwa, n'kukhala maziko ake. Tangoganizani, mkulu wa banki kuvomera lamulo lomulanda yekha mphamvu zimene anzake m'maiko ambiri amazikakamira. Zinali zowawa ndithu: kumapeto kwa 1992 mabanki atatu akuluakulu anaimitsidwa, ya ku Tartu inatsekedweratu, ndipo anthu anataya ndalama zawo. Komabe kroon sinatsitsidwepo mphamvu mpaka pamene euro inalowa m'malo mwake pa 1 Januwale 2011.

Zinazo ndingodutsamo. Anayambitsa chipani cha Reform mu 1994, anakhala nduna yoona za maiko akunja, kenako nduna ya zachuma kuyambira 1999. Pa nthawi imeneyo m'pamene makampani anasiya kulipira msonkho pa phindu limene alibwezera mu bizinesi. Kuyambira 2004 mpaka 2014 anali kamishonala ku European Commission, bungwe loyendetsa ntchito za mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ku Brussels.

Sindikunena kuti munthuyu alibe banga. Anali membala wa chipani cha Chikomyunizimu kuyambira 1972 mpaka 1990, ndipo adani awo sanasiye kuwakumbutsa zimenezi. Anazengedwanso mlandu wokhudza madola 10 miliyoni amene anasowa mu 1993 iwo ali ku banki. Makhoti sanawapeze olakwa, koma nkhaniyo inawatsatira kwa zaka zambiri, ndipo wolemba za iwo mwachilungamo ayenera kuitchula.

Mu 2016 anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti koma sanapambane. Unapita kwa mayi Kersti Kaljulaid. Chaka chotsatira a Kallas, munthu amene anakhalapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa European Commission, anavomera kukatsogolera khonsolo ya Viimsi, dera laling'ono kufupi ndi mzinda wa Tallinn. Mukadzalembanso za banja la a Kallas, chonde mudzawapatseko ndime yawoyawo bambowa.

Ine wowerenga wanu,
Zomba