Bwera mu Ogasiti, osati Disembala

Nabanda mnzanga,

Muli bwanji ku Johannesburg kumeneko, iwe, ana ndi abambo awo? Ife kuno ku Chipata tilipo, amayi akupereka moni.

Wati ukufuna kubwera ndi ana mu Disembala kuti akaone njovu ku Mfuwe. Ayi mnzanga, sintha. Nthawi imeneyo mvula yagwa, udzu wakula, nyama zabalalika m'tchire, ndipo misewu ina ya m'nkhalango ya nyama ya South Luangwa sipitika ndi matope. Bwera kumapeto kwa Ogasiti. Madambo amakhala atauma, nyama zimatsikira zokha ku mtsinje wa Luangwa, mvuu zili piringupiringu m'madzi otsalawo. Ana akaonanso kadyamsonga wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse koma m'chigwa chimenechi.

Koma chimene ndikukuitanira kwenikweni ndi Katete. Loweruka lomaliza la Ogasiti kumakhala Kulamba ku Mkaika, pomwe mafumu a Achewa a kuno, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amadzagwada kwa Kalonga Gawa Undi, kupereka mitulo ndi kufotokoza momwe anthu awo aliri. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, unadzayambiranso mu 1984, nchifukwa chake agogo athu ena anakula osauona.

Katete ndi katauni kakang'ono, masitolo ali m'mbali mwa Great East Road, phiri la Mphangwe lili poteropo. Koma sabata imeneyo sungakadziwe. Malole ochokera ku Tete amalowera ku Chanida, mabasi a ku Mchinji ndi Lilongwe amadzera pa Mwami, anthu atapanikizana ndi ng'oma zawo. Pamsika wina akutsatsa m'Chinsenga, wina akuwerenga ndalama m'Chipwitikizi, Angoni a kwa Mpezeni nawo ali pomwepo kuseka nyau zathu, ife tikuwabwezera za zikopa zawo za pa mwambo wawo wa Nc'wala. Palibe wokwiya, ndi nthabwala chabe.

Gule Wamkulu ana ako amangomuona pa foni. Adzaone makanja akuyenda pamwamba pa mitu ya anthu, fumbi lili koboo, amayi akuyankha nyimbo ndi m'manja, kenako anamwali akutuluka mitu ili pansi, mikanda ili mbwee. UNESCO inazindikira gule ameneyu mu 2005, komabe ine sindikondwa ndi alendo amene amathamangira chilombo ndi kamera mpaka kuchigunda. Uwauziretu ana kuti funso loti ndani ali m'katimo silifunsidwa, ndipo akhale ndi kandalama koponya pansi gule akayandikira.

Zakudya usadere nkhawa. Achemwali anga ku Katete atisungira malo, ndipo chiwawa chotendera ndi nsinjiro za Chalimbana amachidziwa kuphika. Thobwa lidzakhala mu ndowa. Mbewa ndiye nyengo yake, anyamata amaziyanika pa timitengo m'mphepete mwa msewu, zowaza mchere bwinobwino. Mwana wako wamkazi uja adzathawa, ndikudziwa, koma wamwamunayo ndikumukhulupirira.

Tikachoka ku Mkaika tidzagona ku Chipata, Lolemba tilawirire ku Mfuwe. Za sukulu ukambiranetu ndi aphunzitsi awo, ndipo undiuze msanga tsiku lofika ku Lusaka kuti ndikugulireni matikiti a basi asanathe. Utengenso majuzi, m'mawa ku Katete kumazizirabe.

Ndine mnzako,
Naphiri