Mwana wa mphumu azisunga yekha inhela kusukulu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za ana odwala mphumu m'sukulu zathu.

Mu 2012, m'chigawo cha Ontario m'dziko la Canada, mnyamata wa zaka 12 dzina lake Ryan Gibbons anabanika akusewera mpira kusukulu. Inhela yake, kachipangizo kopopera mankhwala a mphumu m'kamwa, inali yotsekeredwa mu ofesi, poti pasukulupo sankalola ana kusunga okha mankhwala. Anzake anayesa kumunyamula kupita naye ku ofesiko, koma mwanayo anamwalira. Mu 2015 chigawocho chinakhazikitsa lamulo lotchedwa Ryan's Law: makolo akavomereza, mwana aziyenda ndi inhela yake, ndipo mphunzitsi wamkulu azilemba dongosolo lothandizira wophunzira aliyense wa mphumu.

Ku England nako, kuyambira 2014 sukulu zimaloledwa kugula inhela ya salbutamol yosungira zadzidzidzi popanda kalata ya dokotala. Mu 2017 anawonjezera jekeseni wa adrenaline, wopulumutsa mwana amene thupi lake limadana ndi zakudya zina monga mtedza, moti akadya amatupa pakhosi n'kulephera kupuma.

Nanga kuno? M'mawa wozizira wa mu June mwana wa mphumu amapatsidwa tsache kuti asese m'kalasi, fumbi lili kobo. Akayamba kulira m'chifuwa, ena amati ndi ulesi. Zimenezi zimandiwawa mtima.

Ndikupempha Unduna wa Zamaphunziro ulamule kuti polembetsa mwana azifunsa za matenda amenewa, aphunzitsi aphunzitsidwe zizindikiro zake, ndipo inhela izikhala m'thumba mwa mwana, osati m'kabati yokhoma.

Kholo lokhudzidwa,
Zomba